Build ikudutsa pa Jenkins koma ikugwa pa laputopu yatsopano: fayilo yomwe mu Git mulibe ikuchokera kuti?

kalulu_dev

Akuluakulu, ndithandizeniko maganizo. Tili ndi pulogalamu ya Python yomwe imatumiza malisiti pa foni kwa alimi akagulitsa mbewu ku kopaletivi. Code ili mu Git, Jenkins ili pa seva ya muofesi momwemo. Ntchito yake ndi iyi: imatenga branch ya main, imapanga `pip wheel .`, imaika wheel ija (fayilo yomwe pulogalamu yamangidwamo) mu venv (foda yoikamo malaibulale a pulojekiti imodzi), imayendetsa mayeso ndi pytest, zikadutsa imatumiza wheel ku seva yomwe anthu akugwiritsa ntchito. Kwa nthawi yaitali ndithu zonse zakhala zobiriwira.

Sabata ino kwabwera mnzathu watsopano. Wapanga clone pa laputopu yake, kenako `pip install .` ndi pytest, mayeso ena agwa ndi uthenga uwu:

```
ModuleNotFoundError: No module named 'malonda.malisiti_akale'
```

Ndayang'ana mu repo, fayilo ya `malisiti_akale.py` mulibedi. Inafufutidwa pomwe tinkasamutsira zonse ku `malisiti.py`. Koma commit yomweyo ikudutsa pa Jenkins, pa laputopu yanganso ikudutsa. `git status` malo onse awiri ikunena kuti palibe chasintha. Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ndatsegula wheel yomwe Jenkins yapanga dzulo ndi `unzip -l`, ndipo `malonda/malisiti_akale.py` ili momwemo. Ndiye kuti alimi akulandira malisiti kuchokera ku code yomwe mu Git mulibe. Ikuchokera kuti imeneyi? Nanga tiichotse bwanji osawononga zina?

chiswe404

Achimwene, `git status` siyonetsa zinthu zomwe munaziika mu `.gitignore`. Ikati "clean" ikungotanthauza kuti pa zomwe munaiuza kuti iziyang'anira palibe chasintha. Lowani mu workspace ya Jenkins (foda yomwe Jenkins imagwiriramo ntchito) muyendetse ziwirizi, muike pano zomwe zituluke:

```
git status --ignored
find . -name 'malisiti_akale*'
```

Musafufute kanthu kaye.

kalulu_dev

Yapezeka. Ili pa `./build/lib/malonda/malisiti_akale.py`. Pa laputopu yanganso ili pamalo omwewo. Foda ya `build/` ili mu `.gitignore` chiyambire pulojekitiyi. Koma sindikumvetsabe: foda imeneyi si yongolembamo zakanthawi? Chifukwa chiyani pip ikutengamo zinthu n'kuziika mu wheel?

gogo_make

A Kalulu, khalani pansi ndikufotokozereni, chifukwa mukamvetsa apa zina zonse zibwera zokha.

Mukauza pip kuti ipange wheel, ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi setuptools. Poyamba setuptools imakopera mafayilo anu a `.py` kuchokera mu `src/` kupita mu `build/lib/`. Kenako imatenga chilichonse chomwe yachipeza mu `build/lib/` n'kuchimanga mu wheel. Gawo loyambalo limangodziwa kuwonjezera ndi kusintha zomwe zasintha. Kufufuta silidziwa. Fayilo ikachotsedwa mu `src/`, kope lake mu `build/lib/` limakhala momwemo, ndipo gawo lachiwiri silifunsa kuti iyi yachokera kuti. Zili ngati kuthira chimanga chatsopano m'nkhokwe osasesamo: ukamatapa, chakale cha anankafumbwe chimatulukira limodzi.

Mwina mufunsa kuti bwanji kale sizinkachitika. Pip isanafike 21.3, yomwe inatuluka mu October 2021, inkayamba yakopera pulojekiti yonse kufoda yakanthawi, n'kumangira kumeneko, ikatha n'kufufuta. Choncho `build/` sinkatsala mu foda yanu. Kuyambira 21.3 imamangira momwe muli code yanu. Zinathandiza kuti build izifulumira, makamaka pa repo zikuluzikulu, koma zotsalira zinayamba kuunjikana. Pa makina omwe amayamba opanda kanthu build iliyonse simungazione. Pa Jenkins yokhala ndi workspace imodzi chaka ndi chaka, ndi pa laputopu ya munthu yemwe wakhalitsa pa pulojekiti, ndi pomwe zimabisala.

Si Python yokha. A Java amakumana nazo ndi mafayilo a `.class` otsala mu `target/`, n'chifukwa chake ambiri amalemba `mvn clean package` osaganizanso. A C amakumana nazo ndi ma `.o` akale. Nkhani ndi imodzi: chida chomangira chimadziwa zomwe chapanga lero, koma zomwe chinapanga kale n'kusiya kuzifuna sichizikumbuka.

Tsono musanasese, chitani ichi. Koperani `build/lib/malonda/malisiti_akale.py` kwina kunja kwa workspace. Pezani commit yomwe inafufuta fayiloyo:

```
git log --diff-filter=D --oneline -- src/malonda/malisiti_akale.py
```

Kenako `git show <hash>^:src/malonda/malisiti_akale.py` ikupatsani momwe inalili isanafufutidwe. Fanizirani ziwirizo ndi `diff`. Zikafanana, mtima pansi, mukudziwa chomwe chakhala chikuyenda pa seva. Zikasiyana, ndiye kuti wina anakonza fayiloyo pamanja pa Jenkins, ndipo kope lomwe mwasungalo ndi lokhalo padziko lonse.

nyerere

Zonsezi n'zoona koma yankho lake ndi mzere umodzi. Ikani `git clean -ffdx` poyambirira pa pipeline (mndandanda wa ntchito zomwe Jenkins imagwira), nkhani yatha. Mu Jenkins muli kale "Clean before checkout" pa Git plugin, imapanga `git reset --hard` ndi `git clean -fdx`. GitLab Runner imapanga `-ffdx` yokha osaiuza, `actions/checkout` ya GitHub chimodzimodzi. Jenkins ndi yomwe imadikira kuti muiuze.

mayi_wa_seva

A Nyerere, komwe mukuloza ndi kolondola, koma musawathamangitse. A Kalulu, chonde musayendetse lamulo limenelo lero musanaone chomwe lichotse.

`git clean` ikafufuta yafufuta. Sizipita ku Trash, ndipo `git reflog` singakuthandizeni chifukwa mafayilo amenewo Git sinawasungepo. Chilembo chilichonse pamenepo chili ndi ntchito yake. `-f` ndi kuvomereza kuti mukudziwa chomwe mukuchita, popanda iyo Git imakana. `-d` imalowa m'mafoda omwe Git siwadziwa. `-x` imati ngakhale zomwe zili mu `.gitignore` zichoke. `-f` yachiwiri ija imalola kufufuta foda yomwe mkati mwake muli repo ina ya Git. Ndiye taganizirani workspace yomwe yakhala zaka osasesedwa, anthu osiyanasiyana akulowamo ndi SSH. Mu `.gitignore` anthu saikamo zinyalala zokha. Amaikamonso zinthu zamtengo wapatali zomwe safuna kuti zilowe mu Git: mapasiwedi, makiyi, database yoyesera. Git siingasiyanitse `build/` ndi `.env`, kwa iyo zonse ndi zonyalanyazidwa basi.

Yambani ndi `-n`. Imangolemba zomwe ikanafufuta osakhudza kanthu:

```
git clean -nffdx
```

Werengani mzere uliwonse. Pa chilichonse dzifunseni kuti, ichi chikasowa, pipeline ingachipangenso yokha? Yankho likakhala ayi, chimenecho chikufunika malo ake enieni musanasese.

kalulu_dev

Agogo, `diff` yatuluka yopanda kanthu, ndiye fayilo ndi yomweyo yakale, palibe anaigwira. Ndapezanso pomwe ikuitanidwa: mu `sms.py` muli function imodzi yotumizanso lisiti mlimi akanena kuti sanalandire, ndipo `import` yake ili mkati mwa function, n'chifukwa chake inaphonyedwa posamutsa. Zotsatira zake, lisiti loyamba limalemba tsiku ngati 05/03/2024, lotumizanso limalemba 03/05/2024, chifukwa kukonza kwa tsiku kunalowa mu `malisiti.py` mokha. Akalaliki a kopaletivi anadandaulapo kuti masiku sakugwirizana, ife n'kumafufuza mu code yomwe inali yolondola kale.

Amayi, mwatipulumutsa. `git clean -nffdx` yatulutsa izi:

```
Would remove .env
Would remove .venv/
Would remove build/
Would remove dist/
Would remove mayeso.sqlite3
Would remove src/malonda.egg-info/
Would remove src/malonda/sms.py.orig
Would remove zida/
```

`.env` ili ndi kiyi ya kampani yotumiza ma SMS, anaiika pamanja munthu yemwe anachoka ntchito, ndipo sindikudziwa kwina komwe inalembedwa. `zida/` ndi clone ya repo ina yomwe ili ndi script yotumizira wheel ku seva. Ndipo `.venv/` ndi chifukwa chenicheni chomwe sitinkasesera. Intaneti ya muofesi ndi yochedwa ndipo timalipira potengera data. Tili ndi pandas ndi numpy mu requirements. Tikamazikoka build iliyonse, bandulo itha mwezi usanafike pakati, ndipo ntchito ya mphindi zochepa izitenga nthawi yonse ya nkhomaliro.

nyerere

Chabwino, apo ndamva. Ndiye gwiritsani `-e`: `git clean -ffdx -e .env -e .venv -e zida`. Zimenezo zitsala, zina zonse zichoka.

mayi_wa_seva

Za lero zitha kugwira, kuti build ya mawa isatuluke ndi fayilo yakale. Koma ine sindingazisiye choncho. `.venv` yomwe siifufutidwa ili ndi matenda omwewo a `build/lib`. Wina akachotsa laibulale mu `requirements.txt` koma code ikuigwiritsabe ntchito, `pip install -r` siichotsa mu venv, mayeso adutsa, ndipo mudzazidziwa tsiku lomwe mukuika pulogalamu pa seva yatsopano. Mndandanda wa `-e` umakulanso. Lero zitatu, chaka chamawa khumi, ndipo palibe adzakumbuke chifukwa chake.

Chomwe mukufuna kusunga si venv ayi. Mukufuna kusunga data. Ndiye sungani zomwe munakoka pa intaneti, kunja kwa workspace, venv muzipanga yatsopano nthawi zonse. Pip ili kale ndi cache yake, pa Linux imakhala mu `~/.cache/pip` ya user yemwe akuyendetsa Jenkins, ndipo `git clean` siifikako. Imeneyo imachepetsa kukoka mafayilo akuluakulu, koma pip imafunsabe ku PyPI, nkhokwe ya pa intaneti ya malaibulale a Python, kuti ione zomwe zilipo. Ngati mukufuna build iziyenda ngakhale intaneti itaduka, pangani foda ya ma wheel:

```
pip download -r requirements.txt -d /var/lib/jenkins/mawheel
```

Ilo muziliyendetsa pokhapokha `requirements.txt` yasintha. Mu pipeline muzilemba:

```
python3 -m venv .venv
.venv/bin/pip install --no-index --find-links /var/lib/jenkins/mawheel -r requirements.txt
```

`--no-index` imaletsa pip kutuluka panja. Kuika numpy ndi pandas kuchokera pa disiki sikuchedwa. Ubwino wina ndi wakuti foda imeneyo ikhoza kudzaza ndi zakale mmene ingathere osakuvulazani, chifukwa pip imangotengamo zomwe `requirements.txt` yatchula. Koma mulembe version ya chilichonse ndi `==`, apo ayi pip izisankha yapamwamba yomwe yaipeza mu fodamo. Muikemonso setuptools ndi wheel, chifukwa pomanga pulojekiti yanu pip imazifuna.

Repo yeniyeni musaidere nkhawa. `git clean` siikhudza foda ya `.git`, ndiye Jenkins izingokoka ma commit atsopano monga kale. Chomwe muyenera kupewa ndi "Wipe out repository & force clone", chifukwa imeneyo imakoka zonse kuyambira pachiyambi.

Za `.env`: itsegulani lero, kiyi muiike mu Credentials za Jenkins ngati secret file, pipeline iziitenga ndi `withCredentials([file(credentialsId: 'malonda-env', variable: 'ENV_FILE')])`. Jenkins imaika fayiloyo pamalo akanthawi n'kuichotsa gawolo likatha. Ndipo poti munthu yemwe anaiika anachoka, pemphani kiyi yatsopano kwa kampani ya SMS, yakaleyo aitseke. Sindikunena kuti mnzanuyo ndi wosakhulupirika. Kiyi yomwe yakhala mu foda yomwe aliyense wolowa pa seva akhoza kuwerenga, simungadziwe kuti yaonedwa ndi angati.

`zida/` ikhale submodule (repo ina yolumikizidwa mkati mwa repo yanu), kapena pipeline iziipanga checkout yokha mu `dir('zida')`. Chachikulu n'chakuti zilembedwe mu Jenkinsfile kuti imachokera kuti. Yang'anani kaye `git status` ndi `git log origin/main..HEAD` mkati mwake, mwina muli zosintha zomwe sizinapushidwe.

chiswe404

Pali njira inanso yomwe sinatchulidwe. Siyani `pip wheel .`, gwiritsani `python -m build`. Mukaiyendetsa popanda flag, imayamba yapanga sdist (paketi ya code isanamangidwe kukhala wheel), kenako imamasula sdist ija mufoda yakanthawi n'kumangira wheel kumeneko. `build/lib` yakale siilowamo. Izi zimathandiza ngakhale pa laputopu, pomwe munthu sungamasese tsiku lililonse. Chenjezo ndi lakuti mukalemba `python -m build --wheel` imamangira mu foda yanu momwemo, vuto lija n'kubwereranso.

gogo_make

A Chiswe anena zoona, koma imeneyo imatseka khomo limodzi. Fayilo yosochera ikakhala mu `src/malonda/` momwemo, tinene kuti munthu analemba `thandizo.py`, code ina ikuiitana, koma anaiwala `git add`, setuptools iitenga bwinobwino kulowa nayo mu sdist, kenako mu wheel. Setuptools imayang'ana pa disiki, siifunsa Git. Pa laputopu ya mwini wake zonse zimayenda, kwa wina aliyense zimagwa. Vuto la a Kalulu ndi fayilo yomwe inachoka mu Git n'kutsala pa disiki, ili ndi la fayilo yomwe sinalowemo n'komwe, koma mankhwala ake ndi amodzi.

Palinso kena kobisika kwambiri ka Python 3. Git siisunga mafoda, imasunga mafayilo. Mukafufuta package yonse mu Git, mnzanu akapanga pull, mafayilo a `.py` amachoka, koma foda imatsala ngati mkati muli `__pycache__`. Ma `.pyc` a mu `__pycache__` Python siwagwiritsa ntchito ngati `.py` yake palibe, apo palibe vuto. Koma kuyambira Python 3.3 foda yopanda `__init__.py` imatha kuitanidwa ngati namespace package. Ndiye `import package_yakale` imadutsa popanda phokoso, n'kudzagwa patsogolo ndi `AttributeError` yosokoneza mutu. Munthu amatha tsiku lonse akufufuza code pomwe vuto ndi foda yopanda kanthu.

Ine pa zomwe zikupita kwa makasitomala sindimangira mu workspace n'komwe. Ndimauza Git kuti indipatse zake zokha:

```
T=$(mktemp -d)
git archive HEAD | tar -x -C "$T"
```

N'kumangira mu `$T`. Mmenemo mulibe china koma zomwe zili mu commit. Kusesa kumadalira kuti wasesa mokwanira, pomwe apa palibe choti usese. Dziwani ziwiri zokha: `git archive` siitenga ma submodule, ndipo ngati version yanu imachokera ku setuptools-scm (chida chowerenga version kuchokera mu Git), imeneyo imafuna foda ya `.git` kapena fayilo ya `.git_archival.txt`, apo ayi ikana.

nyerere

Agogo, pa CI (makina omanga ndi kuyesa code okha, monga Jenkins) yoti ikusesedwa ndi `-ffdx` build iliyonse, `git archive` ikuwonjezera chiyani? Kwa ine ndi ntchito iwiri pa chinthu chimodzi.

gogo_make

Kusesa kumachitika poyamba. Pakati pa pipeline pamadutsa zambiri: mayeso amalemba mafayilo, script ina imapanga code, wina amakoka kanthu. Pofika pomanga, workspace siilinso momwe inalili. Ngati mumamanga kaye kenako n'kuyesa wheel yomwe mwamangayo, monga akuchitira a Kalulu, ndikuvomereza kuti kusesa kukukwanira. Ngati mumamanga pomaliza, `git archive` ndi yomwe ingakutetezeni.

kadzidzi

Ndawerenga zonse, ndiwonjezereko mbali yomwe sinakhudzidwe. Inu mukukamba za kupewa. Ine ndimafunanso kuti pipeline izikuwa yokha zikalakwika, chifukwa tsiku lina wina adzachotsa kusesa kuja pofuna kufulumizitsa build, ndipo palibe adzadziwe.

Cheke choyamba, wheel ikangopangidwa, fanizirani zomwe zili mkati ndi zomwe Git ikudziwa:

```
git ls-files src | sed 's|^src/||' | sort > /tmp/zagit
unzip -Z1 dist/*.whl | grep -v '\.dist-info/' | sort > /tmp/zawheel
comm -13 /tmp/zagit /tmp/zawheel
```

`comm -13` imatulutsa mizere yomwe ili mu fayilo yachiwiri yokha. Pakatuluka kanthu, build igwe. Chikanakhalapo ichi, `malisiti_akale.py` ikanagwidwa tsiku lomwe inafufutidwa. Ngati muli ndi mafayilo omwe amapangidwa pomanga mwadala, monga `_version.py`, atchuleni mayina mu script momwemo kuti aliyense aziwaona. Pa sdist pali chida chotchedwa check-manifest chomwe chimagwira ntchito yofanana.

Cheke chachiwiri, kumapeto kwa pipeline:

```
test -z "$(git status --porcelain)"
```

Ichi chimagwira build yomwe yasintha fayilo yosungidwa mu Git, kapena yasiya zinthu zomwe `.gitignore` siizidziwa. `--porcelain` ndi yopangidwira ma script, kalembedwe kake sikasintha ndi chinenero kapena makonzedwe a munthu.

Chinanso, yang'anani mbali inayo: mafayilo omwe ali mu `.gitignore` koma analowa kale mu Git. Anthu ambiri amaganiza kuti kulemba dzina mu `.gitignore` kumachotsa fayilo. Ayi, `.gitignore` imagwira pa zomwe Git sinayambe kuzisunga. Kuti muwaone:

```
git ls-files -ci --exclude-standard
```

Mukawapeza, `git rm --cached` imawachotsa mu Git n'kuwasiya pa disiki yanu. Koma uzani anzanu kaye, chifukwa iwo akapanga pull fayiloyo ichoka pa disiki yawo. Ndipo ngati ndi pasiwedi, m'mbiri ya repo ikadalimo, ndiye isinthidwe basi.

Ka `sms.py.orig` kaja ndi kotsala pa `git mergetool`. Mukalemba `git config --global mergetool.keepBackup false` sikazitsalanso. Zinyalala za kompyuta ya munthu payekha, monga `.DS_Store` ya Mac, `Thumbs.db` ya Windows ndi `.swp` ya vim, malo ake ndi `~/.config/git/ignore`. Zanu nokha pa repo imodzi, `.git/info/exclude`. Mukadabwa kuti fayilo ikunyalanyazidwa ndi mzere uti, `git check-ignore -v dzina_la_fayilo` ikuuzani fayilo ndi nambala ya mzere.

mayi_wa_seva

Pa `.DS_Store` pokha ndisiyane nanu a Kadzidzi. Mwalamulo mukulondola, koma mwana wasukulu yemwe wabwera kudzaphunzira ntchito sakhala ndi global ignore tsiku loyamba, ndipo `git add .` ndi yomwe amaidziwa. Mizere itatu mu `.gitignore` ya pulojekiti siipweteka munthu. Ine ndimaika malo onse awiri.

A Kalulu, ngati mukuganiza zodzasamukira ku Docker, dziwani kuti nkhani yomweyi ikukudikirani kumeneko. `COPY . .` imatenga zonse za mufoda, `.env` ndi `.git` yomwe, ndipo `.gitignore` siiwerenga. Imafuna `.dockerignore` yakeyake.

kalulu_dev

Zikomo nonse. Nazi zomwe tachita. `import` ya mu `sms.py` tsopano ikuloza ku `malisiti.py`, ndipo talemba mayeso oti lisiti loyamba ndi lotumizanso zizifanana tsiku. Kiyi yatsopano ya SMS ili mu Credentials, yakale yatsekedwa. Mu `zida/` munalidi commit imodzi yomwe sinapushidwe, yosintha adiresi ya seva, ndiye `-ffdx` ikanapita nayo. Tayipusha, ndipo Jenkinsfile ikupanga checkout yake yokha. Ma wheel ali mu `/var/lib/jenkins/mawheel`, venv ikupangidwa yatsopano build iliyonse, ndinazula waya wa intaneti pa seva kuti ndione ndipo gawo loika malaibulale linadutsa. "Clean before checkout" yayatsidwa, tikumanga ndi `python -m build`, macheke awiri a a Kadzidzi ali mkati. Venv yatsopano itangoyamba inagwa pa `requests`, yomwe code imaigwiritsa ntchito koma mu `requirements.txt` munalibe. Amayi munanena.

`mayeso.sqlite3` palibe akuidziwa ndipo palibe code yomwe ikuitchula. Ndaikopera pambali, build ikuyenda popanda iyo.

Kwatsala funso limodzi. Wheel yatsopano ndi yoyera, `unzip -l` yatsimikiza. Script yaitumiza ku seva ya makasitomala ndipo `pip install` sinadandaule. Koma ndikalowa pa seva, `malisiti_akale.py` ikadali mu `site-packages/malonda/`, ndipo `sms.py` ya kumeneko ikadali ndi `import` yakale. Ndiifufute pamanja?

chiswe404

Musaifufute pamanja, mungothyola pulogalamu, chifukwa `sms.py` yomwe ili kumeneko ikuifunabe. Ndikuganiza kuti simunasinthe version mu `pyproject.toml`. Pip ikaona kuti wheel yomwe mwaipatsa ili ndi version yofanana ndi yomwe ilipo kale, imalemba kuti "already installed with the same version" n'kutuluka bwinobwino osaika kanthu, script yanu n'kuona ngati zatheka. Onani log ya deploy, mzere umenewo muupeza.

Kwezani version, mangani, tumizani. Pip ikamachotsa yakale imatsata fayilo ya `RECORD` ya mu `.dist-info`, ndipo `malisiti_akale.py` inalembedwamo chifukwa inabwera mu wheel, choncho ichoka yokha. Ngati mukufuna lero lomwe osadikira build ina, `pip install --force-reinstall --no-deps` pa wheel ija ichita zomwezo, `--no-deps` ndi yoti isayambe kukokanso pandas. Mukatha muyambitsenso service, chifukwa process yomwe ikuyenda pano inanyamula kale code yakale mu memory ndipo ipitiriza nayo mpaka itazimitsidwa.

mayi_wa_seva

Ndipo mu script ya deploy muwonjezere mzere woti ikatha kuika, izifunsa `pip show malonda` n'kufanizira version ndi ya wheel yomwe yatumizidwa. Zikasiyana, deploy igwe. Muonenso ma log a miyezi yapitayi, chifukwa ngati version imaiwalika kukwezedwa, pakhoza kukhala ma commit ena omwe munkaganiza kuti anafika pa seva koma sanafike.

kalulu_dev

Mzere uja ndaupeza mu log ya lero. Ndakweza version kufika 1.4.1, deploy yadutsa, service yayambitsidwanso, `malisiti_akale.py` mu `site-packages` mulibenso. Ndatumiza lisiti ku foni yanga kenako ndalitumizanso, onse awiri alemba tsiku mofanana. Ma log akale ndiyamba kuwaona mawa m'mawa, ndikapeza deploy ina yomwe inadumphidwa ndilemba pano.